Nthawi Yomalizira pa Makina Achinayi

Amene anagwirapo ntchito pa fakitale ya mafuta ija ya kufupi ndi Palabana amaikambabe nkhaniyi, ngakhale fakitaleyo inatsekedwa kalekale, ndipo m'nyumba zake lero mumagona mbuzi. Inachitika mu Julayi, chaka cha 1989, nthawi ija mafuta ophikira, amene kuno timati saladi, ankasowa m'masitolo, anthu n'kumachezera pamzere mabotolo ali m'manja. Fakitaleyo inali ya boma. Inkafinya mpendadzuwa, ndipo lamulo lochokera ku Lusaka linali limodzi: makina asaime, usana ndi usiku.

Mainess Zulu anali kalaliki wa shifiti ya usiku. Madzulo amenewo anabwera kuntchito monga mwa masiku onse. Mwamuna wake Tenson, amene ankagwira ntchito kumalo osefera mafuta, anali patsogolo akukankha njinga. Iye anali pambuyo. Njira yonse kuchokera ku komboni sanalankhulane.

Sikuti anakangana. Mu Epulo anaika m'manda mwana wawo mmodzi yekhayo, Lister, wa zaka ziwiri. Chikuku. Maliro atatha misozi ya Mainess inauma, ndipo palibe china chinabwera m'malo mwake. Ankadzuka, kusamba, kuphika, kupita kuntchito. Ndiwo zikachepa mchere sankazindikira. Tsiku lina madzi owira anamutayikira padzanja, iye n'kungoyang'ana khungu likutuwa ngati ndi la munthu wina. Mwamuna wakeyo kale ankamuitana kuti "atate a Lister." Tsopano sankadziwa womutchula, choncho sankamuitana n'komwe.

Ofesi yake inali kachipinda kakang'ono kotalikirana ndi nyumba ya makina. Munali tebulo, wotchi yapakhoma, chithunzi cha Pulezidenti, ndi windo la zitsulo loyang'ana pabwalo. Patebulopo panali kompyuta, mphatso ya azungu ena amene anabwera chaka chapitacho n'kubwerera kwawo. Inali ndi zilembo zobiriwira. Ikakhala yozima ankaifundika nsalu kuopa fumbi.

Ntchito yake sinali yovuta. Mulu uliwonse wa mpendadzuwa ukalowa m'fakitale unkapatsidwa nambala. Pansi pa nambalayo pankaoneka magawo onse amene mbewuyo idutsemo: kupeta, kuchotsa makoko, kutenthetsa, kufinya, kusefa, kuthira m'madiramu. Ukatsegula gawo limodzi, kompyuta inkakuuza makina ake, wantchito amene ali pamenepo, ndi nthawi imene wayamba. Nthawi yomalizira inkakhala yopanda kanthu mpaka kapitawo atabweretsa khadi lolembedwa pamanja. Ndiye Mainess ankailemba. Masana kunali kalaliki wina, koma usiku panalibe wokhudza kompyutayo koma iye yekha.

Kunja kunali chisanu cha Julayi chija choluma zala. Fungo la mbewu yokazingika linkalowera pansi pa chitseko. Makina ankangolira chapatali, phokoso limene munthu ukalizolowera sulimvanso. Mainess analemba makadi a shifiti ya masana, limodzi ndi limodzi, osaganiza kanthu.

Itangodutsa 11 koloko, wina anagogoda pagalasi la windo.

Go. Go. Go.

Mainess anatukula mutu. Panja panaima gogo wamfupi, atafunda chitenje m'mapewa. Kumutu analibe duku, ndipo tsitsi lake loyera linali lophwatalala mbali imodzi ngati la munthu wongodzuka pamphasa. Mainess anakankha windo.

"Odi, mwana wanga."

"Odini, ambuya. Mwangena bwanji muno? Alonda akulolani?"

"Nifuna Yoramu," anatero gogoyo. "Yoramu Mwanza. Ndine amake, Nelesi. Nachokera ku Bundabunda."

Yoramu Mainess ankamudziwa, mnyamata wamtali wa kumakina ofinyira, wokonda kuimba likhweru. Ndipo ankadziwanso kuti Bundabunda si pafupi. Munthu wamphamvu woyenda pansi angathe tsiku lonse ndi usiku womwe.

"Mwabwera na chani usiku uno?"

"Na miyendo."

Mainess akamalankhula, nthunzi inkatuluka m'kamwa mwake chifukwa cha kuzizira. M'kamwa mwa gogoyo simunkatuluka kanthu. Iye anaziona zimenezo, monga ankaonera zinthu zonse masiku amenewo. Zinangodutsa.

"Ananiuza kuti kuno kuli chinthu chodziwa pamene munthu aliyense waima," anatero gogoyo, akuloza kompyuta ndi chibwano. "Chifunse."

Mainess anakokera mpando pafupi. Analemba dzina. Kompyuta inalira pang'ono m'kati, kenako mizere inayamba kutsika. Ntchito nambala 0417. Gawo lachinayi, kufinya. Makina achinayi. Wantchito 212, Mwanza Y. Kuyamba, 22:00.

"Alipo, ambuya. Ali pa makina achinayi."

Anali pafupi kutseka pamene maso ake anatsikira pamzere wotsatira. Pamene pankayenera kukhala popanda kanthu panali polembedwa. Kumaliza, 02:10. Kuchuluka kwa mafuta, palibe. Chifukwa choimira, 9.

Anayang'ana wotchi yapakhoma. Inkati 23:25.

Pambali pa wotchiyo panamatidwa pepala la zifukwa zimene makina amaimira. Wani, magetsi athima. Thuu, mbewu yatha. Firii, lamba wamasuka. Zimenezi ankazilemba sabata iliyonse. Anatsitsa chala mpaka pansi penipeni. Naini, munthu wavulala. Chiyambireni ntchito anali asanailembepo.

Anafufuta nthawiyo. Anafufutanso nainiyo. Anatseka gawolo n'kulitsegulanso.

02:10. 9.

Gogo uja anali atayandikitsa nkhope pazitsulo za windo. Kuwala kobiriwira kunkamugwera pamphumi. Munthu wa msinkhu umenewo, wa kumudzi, sakanawerenga Chingelezi cha pakompyuta. Koma anagwedeza mutu ngati wawerenga.

"Nthawi ikalipo," anatero. Silinali funso. "Kamutengere, mwana wanga. Muuze amake amuyembekeza panja pa geti. Asabwerere kukatenga jekete."

"Kuli maliro?"

"Kamutengere chabe."

Mainess anavala juzi n'kutuluka. Atazungulira kumbali ya windo, gogoyo anali atachokapo kale. Pabwalo panali mbee, nyali imodzi yokha ikuwala pamtengo wake.

M'nyumba ya makina munali motentha, phokoso lofuna kukuwa polankhula. Anapeza kapitawo wa usiku, ba Peterson, munthu wonenepa wa chipewa chamafuta, ndipo anawakuwira m'khutu. Ba Peterson anatukwana chapansipansi. Komabe mayi akachoka ku Bundabunda kudzafuna mwana wake pakati pa usiku, palibe kapitawo angakanize. Anakodola Yoramu. Mnyamatayo atamva anangoti kakasi, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kuthamangira kugeti.

Ba Peterson anamulondola Mainess mpaka ku ofesi, akupumira m'mwamba.

"Makina aja siyangayime," anatero. "Akayima, mawa nizayankha kuli ba Chipani, ati nibisa saladi. Ona mu chinthu chako, nindani wina pa shifiti ino anaphunzira makina achinayi."

Mainess anatsegula mndandanda wa ophunzitsidwa gawo lofinya. Panatuluka maina atatu. Loyamba linali la Yoramu. Lachiwiri linali la munthu amene anali patchuthi ku Petauke. Lachitatu analiyang'ana nthawi yaitali.

"Nindani?"

"188."

"Nikufunsa dzina, mayi."

"Zulu T."

"Ah, ni ba Tenson! Bwino maningi. Kusefa kungayembekeze. Lemba."

Mainess sanalembe. Anabwerera pa gawo lachinayi n'kuloza ndi chala.

"Ba Peterson, onani apa."

Kapitawoyo anawerama, maso atatsinzinira pang'ono. Anayang'ana wotchi yake yapamkono. Kenako anaseka.

"Kalaliki uja wa masana alemba na zigongono. Mwezi watha chinthu ichi chinatiuza ati tafinya pa Sande, pamene magetsi kunalibe tsiku lonse. Uzakonza mawa. Manje lemba ba Tenson, nipite."

"Naifufuta kale. Ibwerera."

"Ndiye yaonongeka. Lemba, mayi."

Zala zake zinagwira ntchito imene zinazolowera. 212 inachoka. 188 inalowa. Zulu T. Anayembekeza kuti mwina mzere wapansiwo ufufutika wokha, poti wantchito wasintha. Sunafufutike.

Patapita mphindi zochepa Tenson anabwera pawindo kudzatenga khadi latsopano. Anaima pamalo omwewo pamene panaima gogo uja. Anali ataonda kwambiri miyezi imeneyo, ndipo Mainess anazindikira kuti kolala ya ovolosi yake yang'ambika, kaya kuyambira liti. Anamupatsa khadi kudzera m'zitsulo. Iye analandira osayang'ana nkhope ya mkazi wake, n'kutembenuka.

"Atate a Lister."

Linangotuluka lokha. Tenson anaima ngati wamenyedwa ndi mwala kumsana. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Chani?"

Mainess anatsegula pakamwa. Akanati chiyani? Kuti gogo wina wabwera? Kuti kompyuta yalemba nambala? Mu Epulo muja, usiku umene Lister anayamba kupuma movutika, Tenson anafuna kumutengera kuchipatala panjinga nthawi yomweyo. Mainess ndiye anati dikirani kuche, kunja kukuzizira, thupi langotentha chabe. Chichokereni tsiku limenelo sankakhulupiriranso chilichonse chotuluka m'kamwa mwake. Chimene akuganiza kuti n'choopsa mwina si kanthu. Chimene akuganiza kuti si kanthu ndicho chimapha.

"Palibe," anatero. "Kolala yang'ambika. Nizasoka mawa."

Tenson anagwira kolalayo. Kenako anangogwedeza mutu n'kupita, khadi lili m'manja.

Cha m'ma 1 koloko, mlonda wa pageti anabwera ndi tochi yake, atadzikulunga bulangete.

"Ba Mainess, mayi uja munamuona ndimwe?"

"Ee."

"Anangenera kuti? Ine geti sininatsegulire munthu kuchokera 22. Na galu wanga sanakuwe."

"Sinidziwa."

"Yoramu anafika pageti, nikumuuza ati palibe munthu pano. Ayang'ana mumsewu, ati, 'Si awo apo amai!' Ine niyang'ana, mdima chabe. Wathamanga akuitana. Mpaka manje sanabwerere."

Mlondayo anawalitsa tochi pansi pa windo. Fumbi la pamenepo linali lofewa. Panali mapazi a jombo za Tenson okha. Anazimitsa tochi msangamsanga n'kubwerera kugeti, osatsazika.

Mainess anatsala yekha ndi wotchi.

01:20. Anasanja makadi amene anali atasanja kale.

01:40. Anazimitsa kompyuta, chinthu chimene azungu aja anati asamachite usiku. Anawerenga mpaka makumi asanu. Anayatsanso. Inatenga nthawi yake kudzuka. Ntchito 0417. Gawo lachinayi. Zonse zinali pomwepo.

01:50. Anadziuza kuti aimirire. Akalowe m'nyumba ya makina, akamugwire dzanja mwamuna wake, akamukokere panja. Akamuseka amuseke. Akamuchotsa ntchito amuchotse. Anaziganiza bwinobwino zonsezo, mwadongosolo, monga munthu amaganizira za ulendo wa mnzake. Miyendo inali gwa pansi pa tebulo. Sanali kuopa. Akanaopa, bwenzi atathamanga. M'chifuwa munali dzanzi lokhalokha, longa la mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

02:00.

02:09.

Pamenepo ndi pamene anaimirira. Anatsegula chitseko. Mphepo inamumenya kumaso. Kuchokera pa ofesi kukafika ku nyumba ya makina panali mapazi ngati zana limodzi, ndipo iye anayenda, osathamanga, manja atawapinda m'juzi. Anadutsa mulu wa matumba. Anadutsa pansi pa nyali ija.

Anali pakati pa bwalo pamene kunamveka phokosolo. Silinali lalikulu kwambiri. Linali ngati wina wagwetsa khasu pa simenti. Kenako kulira kwa makina kunayamba kutsika, kutsika, mpaka zii.

Chiyambireni ntchito anali asanamvepo fakitaleyo ili chete. Kutali, cha ku mafamu a ng'ombe, galu ankauwa. Kenako anthu anayamba kukuwa.

Gudumu lalikulu loyendetsa lamba wa makina achinayi linang'aluka. Chidutswa chake, chachikulu ngati chikhatho, chinamupeza Tenson pachifuwa. Anamunyamulira pa lole ya fakitale. Mainess anakwera nawo, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo pake. Asanafike pamsewu wa tala, dalaivala anaima, anayang'ana kumbuyo, n'kuvula chipewa.

Kutacha ba Peterson analowa mu ofesi kudzasiya khadi la ngoziyo, poti akuluakulu ankalifuna. Analilemba okha pamanja, usiku womwewo, atayang'ana wotchi yawo yapamkono. Kompyuta inali ikadali yoyaka. Amene anawaona akuti anayang'ana khadi, anayang'ana galasi, anayang'ananso khadi. Panalibe choti wina alembe. Analiika patebulo mwakachetechete, n'kufundika kompyutayo nsalu yake ikadali yoyaka.

Yoramu anapezeka m'mawa womwewo pamphambano ya msewu waukulu wopita kum'mawa, mtunda wautali kuchokera pafakitale. Anali atakhala pansi m'mbali mwa ngalande, jombo imodzi palibe, phazi likutuluka magazi. Anati usiku wonse amayi ake anali patsogolo pake pang'ono chabe. Akathamanga, iwo ali patsogolobe. Akaima, iwonso amaima, osatembenuka. Akafuna kubwerera kuntchito, ankamva akumuitana ndi dzina la paubwana. Kutayamba kuyera, sanawaonenso.

Amene anamupeza pamenepo anali msuweni wake, ali panjinga, akuchokera ku Bundabunda. Ananyamuka usiku kudzamuuza uthenga. Amayi a Yoramu anali atamwalira dzulo lake, dzuwa likulowa.

Makina achinayi anayambanso kulira patapita masiku anayi. Anthu ovala masuti anabwera kuchokera ku Lusaka kudzafunsa ngati panali wina woononga dala katundu wa boma. Ba Peterson anawaonetsa gudumu lakale lija, iwo analemba, napita. Za kompyuta palibe anawauza.

Koma ku komboni nkhani inayenda. Pampopi amayi ankati, nanga ndi mayi uti angaone mwana wake ali pakamwa pa imfa n'kungogona? Ena ankati ayi, makina aja ankafuna munthu usiku umenewo, ndipo gogoyo ankadziwa kuti ukachotsapo mmodzi uyenera kuikapo wina. Panalinso ena olankhula motsitsa kwambiri, amene ankasiya kulankhula Mainess akamadutsa ndi ndowa yake. Iwo ankati, iye uja anaona. Anaona ndi maso ake, n'kulemba nambala ya mwamuna wake ndi zala zake. Alamu ake anazimva zimenezi pamaliro. Sanamufunse, ndipo iye sananene kanthu. Pamaliro onsewo anakhala pamphasa, maso ali gwa pakhoma. Amayi a mpingo ankamutsina kuti alire, anthu angamuganizire zoipa. Anayesa. Sizinatheke.

Kuntchito sanabwererenso.

Patatha masabata atatu, madzulo ena, Yoramu anafika pakhomo pake. Anali atametedwa mpala wa maliro. M'khwapa ananyamula nkhuku yaikazi yamawangamawanga, yomangidwa miyendo ndi luzi. Anakana mpando. Ananjuta pansi chapatali, maso ali pa dothi.

"Ba Mainess, ine sininafune kubwera. Koma alongosi anga anikakamiza. Ati mawu a womwalira sasungiwa m'nyumba."

Kenako anapitiriza.

"Tsiku lija amai anagona kuchokera m'mawa, osakamba na munthu. Dzuwa litapendeka anauka, ati, 'Nabwerako.' Alongosi anga ati, 'Mwachoka kuti, amai, pamene muli gone pano?' Sanayankhe. Ati chabe, 'Nkhuku yanga yamawanga mukapatse mwana wa pawindo. Wanithandiza.'"

Yoramu anatukula maso.

"Amai sanafikepo kuno, ba Mainess. Olo kamodzi. Windo lanu sanalidziwe. Ndipo pamene anakamba izi, dzuwa linali likalipo. Ine na shifiti ninali nisanayambe."

"Anakamba chinanso?"

Nkhuku inaphupha m'khwapa mwa mnyamatayo.

"Ati, 'Mukamuuze kuti dzina linalo sindine ninasankha.'"

Mainess anatambasula manja onse awiri, monga amalandirira mphatso kwa munthu wamkulu. Anati zikomo. Anati mukapereke moni kumudzi. Yoramu anadzuka n'kupita mofulumira, osacheuka.

Oyandikana naye akuti anaima pakhomopo mpaka mdima unagwa, nkhuku ili m'manja. Kenako anawerama, anamasula luzi, n'kuisiya pansi.

Nkhukuyo sanaiphe ndipo sanaigulitse. Inakhala pakhomopo zaka, ikuikira mazira kuseri kwa chitseko. Ana a pa komboni, ngakhale chaka chimene kunagwa njala, sanabepo dzira ngakhale limodzi.